Sikelo ya ku Rotterdam: Kuunika Kafukufuku wa TISKids pa Ana Odwala Nthenda ya Crohn

Makolo athu adatisiyira miyambi iwiri imene, tikaiika pamodzi, imaoneka ngati ikutsutsana. Wina umati mmera mpoyamba. Unzake umati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyambawo utifulumiza kuti tisataye nthawi, pakuti chimene chalakwika pachiyambi sichikonzeka bwino pambuyo pake. Wachiwiriwo utiletsa phuma. Dokotala wa ana akakhala pansi ndi makolo a mwana amene wangopezeka ndi nthenda ya Crohn, mlandu umene amakamba ndi womwewu: kodi mwanayo ayambe lero lomwe kulandira mankhwala amphamvu otchedwa biologic, kapena ayambe ndi mankhwala ozolowereka, amphamvuwo asungidwe mpaka enawo atalephera?

Madokotala a ku Ulaya, motsogozedwa ndi a Lissy de Ridder a pa chipatala cha ana cha Sophia ku Rotterdam, adayesa kuweruza mlanduwu ndi kafukufuku amene adamutcha TISKids, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya Gut mu 2022. M'nkhani ino tifuna kuunika ntchito yawoyi. Maganizo athu ndi awa: kafukufukuyu wagwetsa bodza limodzi lalikulu, loti kudikira kulibe mtengo wake, koma sadapereke yankho limodzi lokwanira mwana aliyense, ndipo omuwerenga motero amamuika m'kamwa mawu amene sadanene.

Nthendayi ndi mankhwala ake

Nthenda ya Crohn idatenga dzina kwa a Burrill Crohn, amene pamodzi ndi anzawo awiri, a Leon Ginzburg ndi a Gordon Oppenheimer, adaifotokoza mu 1932 ali pa chipatala cha Mount Sinai ku New York. Iyo ndi inzake yotchedwa ulcerative colitis ndizo nthenda ziwiri zazikulu zotupitsa matumbo kwa nthawi yaitali. Yachiwiriyo imagwira matumbo aakulu okha. Ya Crohn imatha kugwira paliponse, kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi, ndipo zilonda zake zimalowa m'khoma lonse la matumbo. Si nthenda yopatsirana. Chimene chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi adani, chimayatsa moto m'matumbo a mwini wake, ndipo sichiuzimitsa. Mwana amatsegula m'mimba miyezi ndi miyezi, amamva kupotokola, amaonda, magazi amamuchepera. Ndipo, chimene chimasiyanitsa mwana ndi wamkulu, amapinimbira n'kuchedwa kutha msinkhu. Mankhwala ochiziratu palibe. Chimene madokotala amafuna ndi kugoneka nthendayo kuti zilonda zipole.

Kwa zaka zambiri chithandizo chidali ngati makwerero. Pa sitepe yoyamba mwana amamwa chakudya chamadzi chokonzedwa mwapadera, chokhachokha, kwa masabata 6 mpaka 8, kapena amalandira mapiritsi a prednisolone. Kenaka amapatsidwa azathioprine, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo, kuti nthenda isadzukenso. Mankhwala a biologic adali pamwamba penipeni, ofikidwa pokhapokha zonse zitakanika.

Mankhwalawa amasiyana ndi mapiritsi wamba chifukwa ndi mapuloteni okololedwa ku maselo amoyo oweteredwa mu labotale, potsata njira imene a Georges Köhler ndi a César Milstein adatsegula ku Cambridge mu 1975. Odziwika kwambiri ndi infliximab. Iwowa amagwira puloteni ya m'thupi yotchedwa TNF, imene tingaifanizire ndi mthenga woitanira asilikali ku nkhondo. Mthengayo akamangidwa, nkhondo ya m'matumbo imazirala. Ku United States adaloledwa kwa akulu odwala Crohn mu 1998, ndipo kwa ana mu 2006, potsamira pa kafukufuku wa REACH, m'mene mwa ana 112, 88 pa 100 alionse adapeza bwino pofika sabata la 10. Amaperekedwa kudzera m'diripi: tsiku loyamba, patatha masabata 2, patatha masabata 6, kenaka masabata 8 alionse. Anzake otchedwa adalimumab ndi jakisoni wa pansi pa khungu, masabata awiri alionse. Koma ana a mu REACH adali oti mankhwala ena adawakanika kale. Funso la mwana wongopezeka kumene lidatsala losayankhidwa, ndipo ndilo limene TISKids adanyamula.

Zimene adachita ndi zimene adapeza

Ofufuzawo adatenga ana 100 a zaka 3 mpaka 17, m'zipatala 12 za ku Netherlands, Finland ndi Croatia. Onse adali ongopezeka kumene ndi nthenda ya Crohn yolimba ndithu, osalandirapo chithandizo. Adawagawa pawiri mwa maere. Ana 50 adalandira madiripi asanu a infliximab, otsiriza pa sabata la 22, basi. Ana 50 enawo adayamba ndi chakudya chamadzi kapena prednisolone. Magulu onse awiri adapatsidwa azathioprine.

Pa sabata la 10, nthenda idali itagona mwa ana 59 pa 100 a gulu la infliximab, pamene m'gulu linalo adali 34 pa 100. Atasuzumira m'matumbo ndi kamera, kusiyana kudakula: zilonda zidapola mwa 59 pa 100 kuyerekeza ndi 17 pa 100. Patatha chaka, ana 19 mwa 46 a gulu loyamba adali bwino ndi azathioprine yekha, osafuna chithandizo choonjezera. M'gulu lachiwiri adali 7 mwa 48.

Zimene tiyamikira

Ubwino woyamba wa ntchitoyi ndi kulimba mtima kwake. N'kovuta kupempha kholo kuti maere asankhe chithandizo cha mwana wake, ndipo n'chifukwa chake madokotala a ana akhala akubwereka nzeru ku kafukufuku wa akulu. Koma mwana si wamkulu wochepa thupi. Wamkulu akadwala chaka chathunthu, wataya chaka. Mwana akadwala chaka cha kukula kwake, wataya msinkhu umene mwina sadzaupezanso, pakuti mafupa ali ndi nyengo yake yotalika, ndipo nyengoyo ikatha, yatha.

Ubwino wachiwiri ndi wakuti ofufuzawo sadakhutire ndi mawu a mwana oti ndili bwino, koma adayang'ana m'matumbo momwemo. Prednisolone amaziziritsa ululu msanga, komabe kawirikawiri zilonda zimatsala zikunyeka pansi ngati moto wa m'mankhusu. Ndipo akamwedwa nthawi yaitali amafooketsa mafupa, amatupitsa nkhope, amaletsanso kukula kumene tifuna kuteteza. Chiwerengero chija cha 17 pa 100 chitiuza kuti ana ambiri okwera makwerero akale adafika sabata la 10 matumbo akali ndi zilonda. Zilonda zikakhalitsa zimasiya zipsera zopanikiza njira ya chakudya, kapena zimaboola khoma n'kutsegula njira yolakwika yopita ku chiwalo china kapena pakhungu. Kafukufuku wina, wa RISK, amene adatsata ana 913 ku United States ndi Canada ndipo adatuluka mu The Lancet mu 2017, adaonetsa kuti ana olandira mankhwala omanga TNF m'masiku 90 oyambirira sadabooke matumbo kawirikawiri ngati anzawo, ngakhale kuti kupanikizika kwa njira sikudachepe.

Apa ndipo pagona phunziro lalikulu. Kholo likaona chenjezo lolembedwa papepala la mankhwala, mtima umagwa, ndipo limaganiza kuti kukana ndiko kusamala. Chenjezolo n'loona: mu 2006 bungwe la FDA la ku America lidachenjeza za khansa yosowa koma yakupha, yogwira chiwindi ndi kapamba, imene idaoneka makamaka mwa anyamata, mu 2009 lidaonjeza chenjezo la khansa mwa ana. Koma nthenda ilibe pepala lotere. Palibe amene amasainitsa kholo kuti lavomera kupinimbira kwa mwana, kapena opaleshoni yodula matumbo ali ndi zaka 16. Choopsa cha mankhwala chili ndi dzina ndi mwini wake. Choopsa cha kudikira chimabwera mwakachetechete, ndipo tonse timachitcha tsoka. TISKids watikakamiza kuika zonse ziwiri pa sikelo.

Pamene sikeloyo ipendekeka

Titayamikira motero, tiyenera kunena mosabisa zinthu zinayi zimene zitiletsa kulandira kafukufukuyu ngati chiweruzo chomaliza.

Choyamba chikhudza azathioprine. Chipambano chimene ofufuzawo adasankha kuyeza ndicho mwana wokhala bwino ndi azathioprine yekha, ngati kuti ameneyo ndiye doko lotetezeka. Komatu umboni uloza kwina. Kaundula wa DEVELOP, amene adatsata ana 5,766 ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2017, adapeza ana 15 odwala khansa, ndipo 13 mwa iwo adali atamwapo mankhwala a m'banja la azathioprine. Sadapeze kuti infliximab paokha amachulukitsa khansa. Tidziwa kuti kaundulayo adalipiridwa ndi kampani yopanga infliximab, choncho tiyenera kumuwerenga ndi maso otsegula. Komabe ngakhale khansa ya chiwindi ndi kapamba ija idaoneka pafupifupi nthawi zonse mwa odwala amene adamwapo mankhwala a m'banja lomwelo. Ndiye kuti mankhwala amene makolo amawaona ngati ofatsa, poti ndi mapiritsi akale otsika mtengo, ndiwo ali ndi mlandu waukulu pa choopsa chimene makolowo amachiopa. Madokotala ali ndi chifukwa chowaphatikizira: thupi limatha kupanga asilikali olimbana ndi infliximab mpaka mankhwalawo kutha mphamvu, ndipo azathioprine amachepetsa zimenezi. Koma popeza magulu onse awiri adamwa azathioprine, TISKids sangathandize kholo la mnyamata wa zaka 14 limene funso lake lenileni ndi lakuti: kodi tingawapewe mapiritsiwa?

Chachiwiri ndi kawerengedwe ka chipambano. Ana 19 mwa 46 ndi ochuluka kuposa 7 mwa 48, n'zoona; koma ndiye kuti ana 27 a gulu la infliximab sadafike pa chipambanocho. Madiripi asanu sadachize ambiri. Ndiponso ofufuzawo adavomera okha kuti, tikawerenga ana onse amene nthenda idagona patatha chaka, posayang'ana chithandizo chimene adaonjezeredwa panjira, magulu awiriwo sadasiyane kwenikweni. Ana a makwerero adafika ndithu, koma mochedwa, ambiri atapatsidwa mankhwala omwe aja amene adawasungira. Wina anganene kuti palibe chidatayika. Ife tikuti chidatayika ndi miyezi ya ululu ndi ya kujomba kusukulu, koma tivomera kuti kukula kwa chotayikacho kafukufukuyu sadakuyeze mpaka kumapeto.

Chachitatu ndi nthawi. Muyeso waukulu wa kafukufukuyu udali masabata 52, pamene mwana wa zaka 10 adzakhala ndi nthendayi mwina zaka 60 kapena kuposapo. Funso limene limasowetsa kholo tulo si la sabata la 52, koma la tsiku limene mwanayo adzakhale mayi kapena bambo: kodi matumbo ake adzakhala athunthu? Chaka chimodzi sichingayankhe. Tionjeze kuti ana 100 ndi ochepa kuti choopsa chogwera mmodzi mwa zikwi chionekere, ndipo madokotala ndi makolo adadziwa chimene mwana aliyense akulandira, chinthu chimene chimatha kukoka chiweruzo cha munthu ngakhale woona mtima.

Chachinayi ndi malo, ndipo ichi chitikhudza ife kwambiri. Mthenga uja TNF sagwira ntchito yoipa yokha. Ndiye amene amathandiza thupi kumanga mpanda wotsekera tizilombo ta chifuwa chachikulu, timene timatha kugona mwa munthu zaka zambiri osamudwalitsa. Mthengayo akamangidwa, mpanda umagumuka. Mu 2001 a Joseph Keane ndi anzawo adalemba mu New England Journal of Medicine za anthu 70 amene adadwala TB atalandira infliximab, ndipo mwa oposa theka nthendayo idali kunja kwa mapapo. N'chifukwa chake wodwala aliyense amayezedwa TB asadayambe mankhwalawa. Ku Netherlands ndi ku Finland TB ndi yosowa. Ku South Africa ndi kuno kwathu ndi yofala. Kuonjeza apo, TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi nthenda ya Crohn, ndipo zonse ziwiri zimakonda malo amodzi, pamene matumbo aang'ono akumana ndi aakulu. Kupereka infliximab kwa mwana amene kwenikweni ali ndi TB ya m'matumbo ndiko kuthira mafuta pamoto. Choncho banja lathu lokhala ku London kapena ku Johannesburg, limene mwana wake amabwera kumudzi kudzacheza ndi agogo, lisabise ulendowo kwa dokotala. Sikelo ya ku Rotterdam ndi yoona ku Rotterdam. Ikasamuka, miyala yake iyenera kuyesedwanso. Mtengo nawonso ndi mwala wa pa sikelo. Mu 2013 ku Ulaya kudaloledwa infliximab opangidwa ndi makampani ena motsika mtengo, ndipo ndiwo amene TISKids adagwiritsa ntchito. Koma diripi ya masabata 8 alionse imafuna chipatala chokhazikika, firiji ndi ndalama zosadukiza, pakuti kuyamba n'kumadukiza kumathandiza thupi kukana mankhwalawo.

Muyeso wakale pa funso latsopano

Owerenga magazini ino adziwa kuti kuyeza chithandizo si nkhani yachilendo m'maphunziro a za makhalidwe. M'zaka za m'ma 1500 a Francisco de Vitoria ndi a Domingo Báñez a ku Salamanca adasiyanitsa njira wamba zosungira moyo, zimene munthu ayenera kuzitsata, ndi njira zoposa muyeso, zimene angathe kuzikana osachimwa. Apapa Pius XII adabwereza chiphunzitsochi polankhula kwa madokotala pa 24 November 1957. Chikalata cha Iura et Bona cha mu 1980 chidaona kuti mawu akalewo amasokoneza m'nthawi imene zachipatala zikusintha msanga, ndipo chidalangiza kuyerekeza mtundu wa chithandizo, kuopsa kwake ndi mtengo wake ndi phindu limene tingayembekeze, poyang'ana wodwala weniweniyo.

Ziphunzitsozi zidalembedwa makamaka poganizira anthu oyandikira imfa, ndipo mwana wathuyu sali pamenepo. Komabe zitiphunzitsa ziwiri. Poyamba, mankhwala sakhala oposa muyeso chabe chifukwa ndi atsopano, kapena chifukwa dzina lake n'lovuta kutchula. Chimene chiweruza ndi kulemera kwake poyerekeza ndi phindu lake kwa mwana uyu, m'malo ano. Kwa mwana wina infliximab ndi chithandizo wamba chimene kumumana kungakhale kulakwa. Kwa wina ndi katundu wosafunika. Kachiwiri, kholo silisankhira thupi lake. Munthu wamkulu angathe kukana diripi chifukwa cha mantha ake, n'kusenza yekha zotsatira zake. Kholo likakana chifukwa cha mantha, wosenza ndi wina. Pali chiyeso chobisika pamenepa, chofuna kusankha njira imene, zinthu zikaipa, sitidzadziimba mlandu. Kumeneko ndi kuteteza chikumbumtima chathu ndi thupi la mwana. Ndipo mwanayo, akafika pozindikira, ayenera kufunsidwa: ndiye adziwa manyazi othamangira kuchimbudzi pakati pa phunziro, ndiyenso adzatambasula mkono kwa namwino.

Tiona kuti malangizo a mu 2020 a mabungwe a ku Ulaya a ECCO ndi ESPGHAN ayenda m'njira yomweyi ya kuyang'ana mwana payekha. Iwo amati mwana amene ali ndi zilonda zoboola pafupi ndi kotulukira chimbudzi, kapena matumbo obooka kapena opanikizika, kapena wopinimbira kwambiri, ayambe ndi mankhwala omanga TNF osadikira. Koma amene nthenda yake ndi yopepuka ayambe ndi chakudya chamadzi chija, chimene chimapoletsa zilonda mwa ana ambiri popanda kukhudza chitetezo cha m'thupi. TISKids sagwetsa malangizowa. Chimene wachita ndi kusuntha malire, kusonyeza kuti ana ena amene kale tikadawauza kuti adikire ali m'gulu la ofunika kufulumira.

Chiweruzo chathu

Tsono tiuona bwanji mlandu wa miyambi iwiri ija? Kwa mwana amene nthenda yamugwira zolimba, kafukufukuyu wapatsa mphamvu mwambi wa mmera, ndipo ife tivomera. Koma kudekha kuli ndi malo ake, ndipo malowo ndi masiku oyambirira, asadaike diripi yoyamba: kutsimikiza kuti nthendayo ndi Crohn osati TB, kuyeza chifuwa ndi chiwindi, kumaliza akatemera amene sangaperekedwe chitetezo chitachepetsedwa, ndi kukambirana momasuka za azathioprine. Kudekha kwa masabata awiri kotere n'kwanzeru. Kudekha kwa zaka ziwiri, mwana akusiyidwa msinkhu ndi anzake a m'kalasi, kuli ndi dzina lina.

Kwa makolo ndi kwa onse amene makolo amabwera kudzawapempha nzeru, tisiya mafunso atatu oyenera kupita nawo kwa dokotala. Tikapereka mankhwalawa, choopsa n'chiyani, ndipo chimagwera ana angati? Tikapanda kupereka, matumbo ndi msinkhu wa mwana uyu zidzakhala bwanji chaka chamawa? Ndipo njira imene tasankhayo tidzaiyesa liti, ndi muyeso wanji, kuti tidziwe ngati tiyenera kuisintha? Walira mvula walira matope, ndipo palibe dokotala woona amene angalonjeze mvula yopanda matope. Ntchito ya a de Ridder ndi anzawo, ngakhale ili ndi mipata imene tatchulayi, yatikumbutsa kuti chilala nachonso chimawononga munda.